Injini Yakale ya Boti Ikamazimazima Kapena Kuchepa Mphamvu: Poyambira Kufufuza

Injini yopachika kumbuyo kwa boti ikakalamba, madandaulo ake amakhala awiri. Mwina imazima yokha, mwina imalira ndithu koma boti silithamanga monga kale. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kumasula kabuleta, ena kukagula koyilo yatsopano. Nthawi zina amalasa, koma kawirikawiri ndalama zimapita vuto lili pomwepo, ndipo kabuleta yomwe inali bwinobwino imabwerera pamalo pake itasokonezeka.

Apa tikukamba makamaka za injini za two-stroke zokhala ndi kabuleta, monga za Johnson, Evinrude, Mercury, Yamaha, Suzuki ndi Tohatsu zakale. Injini yotere imafuna zinthu zochepa kuti ilire bwino: mafuta oyera osakanikirana bwino ndi mpweya, moto wamphamvu wa pulagi wofika pa nthawi yake, kompuresheni (kupanikizika kwa mpweya m'silinda) yokwanira, ndi madzi oiziziritsa. Koma pali chinthu chimodzi choti chikhale m'mutu mwanu nthawi yonseyi. Mu two-stroke oyilo amayenda limodzi ndi petulo. Silinda yomwe ikulandira mafuta ochepa ikulandiranso oyilo wochepa. Choncho injini imene ikutsamwa chifukwa chosowa mafuta si yoikakamiza kuti ikufikitseni kaye kumene mukupita. Mukatero vuto la kajeti (kabowo kodutsa mafuta m'kabuleta) kotsekeka limasanduka la pisitoni yopsa.

Musanagwire sipanala

Injini isalire popanda madzi, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Impela ya pampu ya madzi ndi ya labala ndipo ikazungulira pouma imapsa m'masekondi ochepa. Ngati mukuyesera kumtunda, ikani mwendo wa injini mu mgolo wa madzi, madziwo akwere kupitirira pomwe pali pampu, osati kungomiza timabowo tolowera madzi. Pogwira pulopela, chotsani kachingwe kozimitsira injini ndi mawaya a mapulagi. Poyesa moto wa pulagi, pasakhale petulo wotayika pafupi.

Dziwaninso kuti injini yolira bwino pa paipi ya madzi kumtunda siinayesedwe kanthu. Panyanja utsi umatulukira pansi pa madzi ndipo pulopela imakankha katundu, choncho injini yofooka imene imasangalala kumtunda imazima mukangolowetsa giya pamadzi. Ndipo musamaikweze kwambiri ili pa nyutulo. Two-stroke yopanda katundu imatha kuthawa yokha osamveranso thirotulo.

Imazima liti, imazima bwanji

Theka la ntchito lili pa funso limeneli. Injini yozima mwadzidzidzi ngati wina wadina switchi, osatsokomola, nthawi zambiri yataya moto wa pulagi. Yomwe imayamba yafooka, kukwera ndi kutsika, kenako n'kuzima pang'onopang'ono, imeneyo ikusowa mafuta. Yozima mukatsitsa thirotulo kapena mukalowetsa giya, koma yothamanga bwino ikatsegulidwa, ili ndi vuto pa njira yaing'ono ya mafuta m'kabuleta, kapena ikukoka mpweya pamalo posayenera, kapena kompuresheni yatsika. Yolira bwino pa idle (liwiro lotsikitsitsa, thirotulo itatsekedwa) koma yotsamwa mukatsegula thirotulo, yang'anani jeti yaikulu, pampu ya mafuta ndi taimingi (nthawi imene moto wa pulagi umafika).

Pali ina imene imathamanga bwino mphindi 10 kapena 15, n'kuzima, mukadikira pang'ono n'kuliranso ngati palibe chachitika. Imeneyi ili ndi okayikiridwa awiri: thanki yosapuma, kapena chipangizo chamagetsi chomwe chimaleka kugwira ntchito chikatentha. Ndipo ngati injini ikulira mokweza kuposa kale koma boti likukwawa, injiniyo isiyeni, vuto lili kumusi ku pulopela.

Thanki, paipi ndi kampira

Yambani apa chifukwa sipadya ndalama ndipo mavuto ambiri amagona pomwepa. Pa chitseko cha thanki yonyamulika pali kasikuluwu kolowetsa mpweya. Kakatsekedwa, kapena kakatsekeka ndi dothi, mafuta akamatuluka palibe mpweya wolowa m'malo mwake, ndipo pakapita mphindi zingapo pampu imalephera kukoka. Thanki ya pulasitiki imachita kupindikira m'kati. Injini ikangozima, tsegulani chitsekocho. Mukamva mpweya ukulowa kuti fyuu, vuto mwalipeza.

Kenako kampira kopopera mafuta kamene kali pa paipi. Kali ndi kamuvi, ndipo kamuviko kaziloza ku injini. Mukakafinya kangapo injini isanalire kayenera kulimba. Kakakana kulimba, ndiye kuti mwina mavavu ake a m'kati atha, mwina mpweya ukulowa penapake, mwina singano ya m'kabuleta siikutseka ndipo mafuta akusefukira. Nunkhizani, ndipo yang'anani kukamwa kwa kabuleta ngati kukudontha.

Kampira komweka ndi chida chabwino kwambiri choyesera muli pamadzi. Injini ikayamba kufooka, kayang'aneni. Ngati kafwaphira, katsekeka ndi kumbuyo kwake, pakati pa iko ndi thanki: kabowo ka mpweya, kasefa ka kunsonga ya paipi ya m'thanki, kapena vavu yoletsa mafuta kubwerera yomwe imakhala pa mathanki omangiridwa m'boti. Ngati sikanafwaphire, kafinyeni mobwerezabwereza injini ikulira. Mphamvu ikabwerera, dzanja lanu lagwira ntchito ya pampu, kutanthauza kuti pampu yafooka kapena paipi ikuyamwa mpweya. Ngati palibe chasintha, mafuta akufika ndithu ku kabuleta, ndipo vuto lili m'kati mwake kapena kwina.

Mpweya wolowa m'paipi ndi wovuta kuugwira chifukwa mbali imeneyi imakoka, siikankha, ndiye sipadontha mafuta oti muwaone. Kawirikawiri umalowera pa kalabala kozungulira ka m'cholumikizira cha paipi ku injini, kapena pamene paipi yauma n'kung'aluka pafupi ndi chomangira. Lumikizani kapaipi koonekera m'kati pafupi ndi pampu, mulize injini. Timathovu tosatha tikamadutsa, mpweya ukulowa. Kapaipiko n'koyesera chabe, kachotseni mukamaliza. Mapaipi akale alinso ndi khalidwe lina loipa: kachikopa ka m'kati kamasupuka n'kutseka njira, kunja kukuoneka kwabwino. Njira yachidule yothetsera kukayikira konseku ndi kubwereka thanki ina ndi paipi yake zodziwika kuti n'zabwino, ndi mafuta atsopano. Vuto likatha, injini yanu ilibe mlandu.

Mafuta enieniwo ayang'aneni. Poperani pang'ono m'botolo loonekera, kuchokera pansi pa thanki, mulisiye likhazikike. Madzi amakhala pansi, mzere wake umaoneka bwino. Petulo wosakaniza ndi ethanol, monga E10, amayamwa chinyezi, ndipo madzi akachuluka ethanol amapatukana ndi petulo n'kutsikira pansi pamodzi ndi madziwo, pomwe penipeni paipi imakokera. Petulo wogonera miyezi ingapo amada n'kumanunkha ngati vanishi. Wotereyu musamusungunule ndi watsopano, mukhuthuleni.

Muyezo wa oyilo nawo ndi wofunika. Injini zambiri zimafuna 50:1, ndiko kuti mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, mamililita 100 pa malita 5, theka la lita pa malita 25. Za Johnson ndi Evinrude zopangidwa chisanafike chaka cha 1964 zambiri zimafuna 24:1, pafupifupi mamililita 42 pa lita. Oyilo akhale wa injini za pamadzi wolembedwa TC-W3. Kuthira wambiri poganiza kuti mukuiteteza kumangodetsa mapulagi ndi kuunjika mwaye m'maringi.

Mapulagi amanena zoona

Masulani mapulagi onse, muwandandalike motsatira masilinda awo, musawasokoneze. Chofunika kwambiri si mtundu wa pulagi imodzi payokha koma kusiyana kwake ndi inzake. Yofiirira ngati khofi wamkaka, yonyowa pang'ono ndi oyilo, ili bwino. Yakuda yonyowa kwambiri ikulandira mafuta ochuluka kapena siikuyaka. Yoyera mbuu ndi youma ikusowa mafuta kapena ikutentha, ndipo imeneyi ndiyo yoopsa. Yoyera ngati yatsukidwa kumene pomwe inzake ili ndi mwaye, makamaka ikakhala ndi timadontho ta madzi kapena dzimbiri, ndiye kuti madzi akulowa m'silinda kudzera pa gasiketi ya hedi kapena ya mbale ya ekizozi. Mukaona timadontho ta chitsulo choyera tomatirira kunsonga, pisitoni yayamba kusungunuka. Injiniyo isalirenso mpaka chifukwa chake chipezeke.

Ikani mapulagi a nambala yeniyeni yomwe wopanga injini analemba. Mpata wa kunsonga umasiyana: injini zambiri za Johnson ndi Evinrude zimafuna pafupifupi mamilimita 0.76, zambiri za Yamaha 0.9 mpaka 1.0, ndipo pali mapulagi ena a nsonga yafulati omwe sasinthidwa mpata. Pomanga, yambani ndi dzanja, kenako kota kapena theka la kuzungulira ndi sipanala. Hedi ndi ya aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kudyeka.

Kompuresheni, mapulagi akadali panja

Ichi chiyeseni musanagule chipangizo chilichonse, chifukwa ndicho chimakuuzani ngati injiniyo ikuyenera kuwonongeredwa ndalama. Injini ikhale yofunda ngati n'kotheka, mapulagi onse atachotsedwa, kachingwe kozimitsira katachotsedwa kapena mawaya a mapulagi atagunditsidwa ku thupi la injini. Mangani geji pa silinda imodzi, mukoke chingwe mwamphamvu kapena muzungulitse sitata mpaka muvi wa geji utasiya kukwera. Lembani nambala, mupite pa silinda ina, kukoka kwake kofanana.

Injini zambiri zakale zathanzi zimaonetsa pakati pa 90 ndi 130 psi, koma mageji amasiyana, choncho nambala yokha isakudetseni nkhawa. Chachikulu n'chakuti masilinda asasiyane kupitirira 10 kapena 15 peresenti. 120 ndi 114 palibe vuto. 120 ndi 85 ndi nkhani ina, ndipo ngakhale mutsuke kabuleta kakhumi injini imeneyo izizimabe pa giya. Ikatero, masulani hedi. Gasiketi yopsa pakati pa masilinda awiri ndi vuto laling'ono. Mizere yokandika m'khoma la silinda ndi vuto lalikulu. Nthawi zina maringi amangomatidwa ndi mwaye, ndipo mankhwala ochotsa mwaye opopera m'kabuleta injini ikulira, n'kuisiya igone nawo, amatha kubweza mphamvu ina. Ringi yothyoka ilibe mankhwala.

Moto wa pulagi

Kugoneka pulagi pa thupi la injini n'kuona kamoto kakudumpha si umboni wokwanira. Panja pa silinda ngakhale koyilo yodwala imatulutsa moto, koma m'kati, mpweya utapanikizika, imalephera. Gwiritsani kachipangizo koyesera komwe mpata wake umasinthika. Pa injini za CDI, zomwe moto wake umayendetsedwa ndi bokosi lamagetsi, moto uyenera kudumpha pafupifupi mamilimita 11, wabuluu, wolira kuti thwa, pa silinda iliyonse. Pa zakale kwambiri za mapointi (tizitsulo totseguka ndi kutseka toyambitsa moto), mamilimita 6 ndi okwanira. Wachikasu, wodumpha mwa apo ndi apo, ndi wofooka.

Ngati moto palibe pa masilinda onse, yambani ndi switchi yozimitsira. Ntchito yake ndi kugunditsa magetsi ku thupi la injini, ndipo ikachita dzimbiri kapena waya wake akakhuzika imazimitsa injini nthawi iliyonse imene yafuna, makamaka boti likamagunda mafunde. Chotsani waya wake pa bokosi la CDI. Pa Johnson, Evinrude ndi Mercury zambiri amakhala wakuda wa mzere wachikasu, pa Yamaha woyera. Moto ukabwerera, vuto lili pa switchi, pa kiyi kapena pa wayayo. Kumbukirani kuti waya ameneyu atachotsedwa injini siizima ndi batani, muizimitsa ndi choki.

Ngati moto ukusowa pa silinda imodzi, sinthanitsani makoyilo. Vuto likasamuka ndi koyilo, ndi koyiloyo. Likatsala pa silinda yomweyo, lili pa bokosi la CDI kapena pa kachipangizo ka pansi pa flywheel (gudumu lolemera la pamwamba pa injini) kamene kamauza bokosilo nthawi yotulutsa moto. Silinda yakufa imapusitsa anthu ambiri, chifukwa injini ya masilinda awiri kapena atatu imatha kulira mosalala pa nyutulo ndi silinda imodzi itagona, n'kungoonekera poti boti likukanika kudzuka pamadzi. Nyale yoyesera taimingi yomangirira pa waya wa pulagi iliyonse, boti likuyenda, imaonetsa msanga silinda imene ikuphonya.

Vuto lobwera injini ikatentha liyeseni pomwepo, ikangozima, isanazizire. Mukadikira mpaka kumtunda zonse zidzaoneka zabwino. Mawaya opyapyala a m'koyilo kapena m'stator (makoyilo opanga magetsi a pansi pa flywheel) akaduka m'kati, amagundana akazizira n'kutalikirana akatentha. Nyamulani koyesera moto m'boti. Moto ukasowa injini ili yotentha n'kubwerera patapita mphindi 20, mafuta alibe mlandu. Stator ya injini zina ili ndi mbali ziwiri, ya liwiro lotsika ndi ya lokwera, choncho mbali imodzi ikafa injini imalira bwino mpaka pa liwiro linalake n'kukana kupitirira.

Pa injini za mapointi za m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, makoyilo a pansi pa flywheel amang'aluka ndi ukalamba, ndipo mng'alu umaoneka ndi maso. Asintheni onse pamodzi ndi makondensa, mapointi muwatchere pa mamilimita 0.5 ngati ndi Johnson kapena Evinrude. Flywheel ichotsedwe ndi pula (chida chokokera) yomangira m'mabowo ake a pakati, osati yokoka m'mphepete, osatinso kuimenya ndi hamala. Ili panja choncho, yang'anani kakiyi kake. Pulopela ikagunda mwala, kapena nati ikamangidwa mosalimba, kakiyiko kamadulidwa pang'ono, flywheel n'kusuntha, taimingi n'kutayika. Moto umaoneka wamphamvu ndithu koma ukufika pa nthawi yolakwika.

Pampu ya mafuta

Pampu ya two-stroke ilibe magetsi kapena giya. Imayendetsedwa ndi kupuma kwa crankcase (chipinda cha kuseri kwa mapisitoni) kudzera pa kabowo kapena kapaipi, ndipo m'kati mwake muli kachikopa kopyapyala ndi timavavu. Kachikopako kakauma pampu imakwanitsa pa idle koma imalephera pa liwiro. Kakabooka, petulo amadutsa molunjika kulowa m'crankcase ya silinda imene pampuyo yamangiridwapo, ndipo pulagi ya silinda imeneyo yokha imakhala yakuda, yonyowa. Kuti mutsimikize, masulani pampu pa thupi la injini mapaipi a mafuta ali chilumikizire, mufinye kampira mpaka kalimbe. Petulo akatulukira pa kabowo ka kumbuyo, kachikopa kabooka. Zida zokonzera pampu zimagulitsidwa pamodzi, koma jambulani momwe zigawo zasanjikirana musanaziphwasule, chifukwa kutembenuza chimodzi n'kosavuta. Kasefa ka pa pampu kapena kafyuluta ka pansi pa chivundikiro katsukeni nthawi yomweyo.

Tsopano kabuleta

Pofika apa mwatsimikiza kuti kompuresheni ilipo, moto ulipo, mafuta oyera akufika. Yesani ndi choki. Injini ikayamba kutsamwa, tsekani choki pang'ono kwa kamphindi. Ikadzuka, ikusowa mafuta, jeti yatsekeka. Ikaipiraipira kapena kuzima, mafuta ndi okwanira kapena achuluka. Pa injini ya makabuleta angapo, phimbani pang'ono kukamwa kwa iliyonse payokha ndi zala, muone imene ikusintha kaliridwe. Masulaninso kasikuluwu ka pansi pa mbale ya kabuleta, mafuta agwere pa kansalu koyera. Madzi, dzimbiri kapena tizinyalala takuda ta paipi yonyenyeka zimaonekera pomwepo.

Kupopera mankhwala kukamwa kwa kabuleta ili pa injini sikutsuka kanthu. Iyenera kutsika ndi kuphwasulidwa. Musanachotse kasikuluwu kotcherera mafuta a pa idle, kamangeni pang'onopang'ono mpaka kagunde mopepuka mukuwerenga kuzungulira kwake, mulembe. Musakafinye, nsonga yake imakandika. Chotsani mbale, floti (kachipangizo koyandama kamene kamakankha singano kuti itseke mafuta mbale ikadzaza), singano, jeti yaikulu, kapaipi ka timabowo ka pamwamba pake, ndi jeti yaing'ono. Sikuludiraiva ikhale yokwana bwino, majeti ndi a mkuwa wofewa. Zachitsulo zivikeni m'mankhwala otsukira kabuleta, zalabala ndi zapulasitiki ayi. Kenako poperani mankhwala m'njira iliyonse muone akutulukira mbali ina, muuzire ndi mpweya wa kompuresa. Jeti iliyonse muiyang'ane pa kuwala, bowo lake lioneke lozungulira bwino.

Bowo la jeti yaing'ono n'laling'ono kwambiri, n'chifukwa chake ndilo limayamba kutsekeka petulo akaumira m'mbale. Musalitokose ndi waya wachitsulo kapena kabowolero. Mukalikulitsa ngakhale pang'ono injini izidya mafuta ndi kudetsa mapulagi mpaka mutagula jeti ina. Kachingwe ka nayiloni kapena kawaya kamodzi kofewa ka kopa n'kokwanira. Pafupi ndi kachitseko ka thirotulo palinso timabowo ting'onoting'ono m'khoma la kabuleta, timene timadyetsa injini pochoka pa idle. Ambiri amatiiwala, ndipo n'chifukwa chake kabuleta "yotsukidwa" imabwerera ndi matenda ake omwewo.

Floti igwedezeni pafupi ndi khutu. Ikamveka mafuta m'kati, yabooka. Zakale za koko zimamwa mafuta n'kulemera. Singano yokhala ndi mzere wodyeka kunsonga isinthidwe pamodzi ndi mpando wake. Pa makabuleta ambiri a Johnson ndi Evinrude, mukatembenuza kabuleta chadodolido floti imayenera kugona molingana ndi m'mphepete mwa mbale, koma mitundu ina ili ndi muyezo wake wa mamilimita, ndiye tsatirani buku la injiniyo. Ikani magasiketi atsopano. Ngati makabuleta ndi awiri kapena atatu, tsukani onse tsiku limodzi.

Kutchera komaliza kuchitikire pamadzi, injini itafunda, ili pa giya yakutsogolo, boti likuyenda kapena litamangidwa bwino. Bwezani kasikuluwu pomwe kanali, kapena yambirani pa kuzungulira kumodzi ndi theka kuchokera pogunda. Kalowetseni pang'onopang'ono, gawo limodzi la magawo 8 a kuzungulira nthawi imodzi, mukudikira masekondi 15 kuti injini iyankhe. Ikayamba kuyetsemula mwachepetsa mafuta kwambiri, bwererani pafupifupi kota. Kuli bwino ipendekere pang'ono ku mafuta ochuluka kusiyana ndi ochepa. Liwiro la pa idle ili pa giya limakhala cha pakati pa 600 ndi 800 rpm (kuzungulira pa mphindi imodzi) pa injini zambiri. Mukalitchera pa nyutulo, izizima nthawi iliyonse mukalowetsa giya.

Onaninso kuti thirotulo ikatsegulidwa yonse, kachitseko ka m'kabuleta katseguka konse, kagona motsata njira ya mpweya, ndipo mbale ya taimingi ya pansi pa flywheel yayenda mpaka kugunda pomwe imaimira. Girisi wakale akauma mbaleyi imatsalira, ndipo kagudumu ka pulasitiki kamene kamakankha thirotulo kakadyeka, mafuta ndi taimingi siziyenderanso limodzi. Koma sikuluwu yoimitsa taimingi musaisunthe mwachisawawa. Taimingi yopitirira imaboola pisitoni.

Ikamayetsemulabe kabuleta ili yoyera

Two-stroke imakoka mafuta kudzera m'crankcase, choncho crankcase iyenera kukhala yotsekeka bwino. Silo (labala yotchinga) ya kumtunda ya crankshaft, shafuti yozungulitsidwa ndi mapisitoni, ikatha, mumapeza oyilo pansi pa flywheel ndipo silinda ya pamwamba imasowa mafuta pa idle. Ya kumusi ikatha imatha kukoka mpweya kapena madzi. Poperani pang'ono mafuta osakaniza ndi oyilo mozungulira gasiketi ya kabuleta ndi molumikizana thupi la injini, ikulira. Kaliridwe kakasintha, pamenepo pakulowa mpweya. Kuseri kwa kabuleta kuli timalilime topyapyala totchedwa reed valve. Kamodzi kakathyoka kapena kupindika, injini imalavula mafuta kukamwa kwa kabuleta ndipo imavuta kuliza.

Pali kena kosavuta komwe kamasowetsa anthu mtendere. Ngati injini ikulira bwino chivundikiro chitachotsedwa, n'kuyamba kutsamwa mukachibwezera, ikupuma utsi wake womwe. Gasiketi ya pansi pa injini kapena ya ekizozi yabooka ndipo utsi ukudzaza m'chivundikiro.

Kutentha

Kamadzi kotuluka kumbuyo kakhale kamphamvu ndi kosadukiza. Kakafooka, yambani mwatokosa kabowo kake ndi kachingwe ka nayiloni, poti mchenga ndi tizilombo timatsekamo. Yang'anani timabowo tolowera madzi kumwendo ngati tamatidwa ndi pulasitiki kapena udzu. Injini zina zakale kwambiri zilibe kamadzi kameneka, zimangolavula madzi pa bowo la utsi la kumwendo. Hedi yotentha bwino mumatha kuigwira kwa masekondi angapo. Ikamaotcha nthawi yomweyo, kapena penti yake ikasintha mtundu, zimitsani.

Injini yotentha imachepa mphamvu, n'kuzima pisitoni ikayamba kugwira, n'kuliranso ikazizira, ndipo ulendo uliwonse woterewu umasiya zipsera m'silinda. Zina zili ndi chitetezo chomwe chimatsitsa liwiro chokha kufika cha pa 2,000 kapena 2,500 rpm zikatentha kapena oyilo akachepa m'thanki yake. Injini ikamagwedezeka n'kukana kupitirira pamenepo, onani kaye ngati ikutenthadi, chifukwa sensa yowonongeka kapena waya wake wokhuzika amachitanso zomwezo.

Impela isinthidwe pakatha zaka ziwiri kapena zitatu ngakhale injini itangokhala, chifukwa mapiko ake amauma atapindika. Mukapeza phiko lathyoka, lisakeni mpaka mulipeze, apo ayi lidzatseka njira ya madzi m'kati mwa injini. Thermostat, kavavu kowongolera madzi oziziritsa, imatseguka cha pa madigiri 60 a Celsius, ndipo mutha kuiyesa m'madzi otentha ndi choyezera kutentha. Kuichotseratu si mankhwala. Injini yozizira kwambiri siitentha mafuta bwino, imadetsa mapulagi ndi kuzima pa idle.

Pulopela ndi boti lenilenilo

Pakati pa pulopela zambiri pali labala yomwe imaterereka ikagunda chinthu, kuti magiya asathyoke. Ikatha imagwira pa liwiro lochepa, koma mukatsegula thirotulo injini imakuwa boti osayenda. Lembani mzere umodzi wodutsa pa chitsulo cha pakati ndi pa thupi la pulopela, muyende pang'ono, muyang'anenso. Mzere ukasemphana, labala yatha. Injini zing'onozing'ono zakale zili ndi kapini kodukira dala m'malo mwa labala. Chotsani pulopela muone kuseri kwake: ulusi wa mbedza umakulungana pamenepo, umadya silo, madzi n'kulowa m'magiya. Oyilo wa magiya wooneka ngati mkaka ndiye chizindikiro chake.

Ndi geji ya rpm, onani liwiro la injini thirotulo itatsegulidwa yonse, boti litanyamula katundu wake wa nthawi zonse. Two-stroke zambiri zakale zimayenera kufika pakati pa 4,500 ndi 5,500. Ngati zonse za m'injini zili bwino koma siikufika, pulopela ndi yolemera kwa botilo. Kutsitsa pitch ya pulopela (muyezo wa kupendekeka kwa mapiko ake) ndi inchi imodzi kumakweza liwiro ndi 150 mpaka 200 rpm. Mapiko opindika, ndere ndi nkhono zomera pansi pa boti, madzi obisala pansi pa matabwa, ndi injini yopendekeka molakwika, zonsezi zimadya liwiro injini ili yosalakwa.

Mukakonza chinthu chimodzi, kayeseni pamadzi musanagwire china, kuti mudziwe chomwe chathandiza. Ikani mapulagi atsopano, injini ifunde, muthamange mphindi zingapo pa liwiro lokwera, kenako muzimitse msanga osaisiya nthawi yaitali pa idle. Masulani mapulagi muwayerekeze. Imodzi ikatuluka yoyera ndi youma kuposa inzake, kabuleta ya silinda imeneyo ibwererenso pa tebulo boti lisanapite ulendo wautali.